Nambala ya scale musamangokopera kwa mnzanu

Funso lomwe ana asukulu a ku Chanco komanso anzathu ena a ntchito za mapu muno mu Zomba amakonda kundifunsa, akamagawa zithunzi za droni m'zidutswa pa kompyuta, ndi lakuti, "scale ndiike zingati?" Amafuna nambala imodzi basi yoti alembe pakapepala azigwiritsa ntchito mpaka kalekale. Nambala yoteroyo kulibe, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake mwakuti ngakhale inu amene simunatsegulepo pulogalamu ya mapu mumve.

Chithunzi chojambulidwa ndi droni kapena ndege, ife timaonapo nyumba, msewu, munda, mtengo wa mango. Kompyuta siiona zimenezo, imangoona timabokosi ting'onoting'ono totchedwa ma pixel, kalikonse ndi nambala za mtundu wake. Kale tinkasanja pixel iliyonse payokhapayokha, koma zithunzi za masiku ano pixel imodzi imatha kukhala masentimita 5 okha pansi, ndiye denga limodzi lamalata limatuluka lamawangamawanga, apa dzimbiri, apo dzuwa likunyezimira, apo mthunzi wa papaya. Ndi chifukwa chake timayamba ndi segmentation, kutanthauza kuti kompyuta iphatikize kaye ma pixel oyandikana omwe akufanana akhale chidutswa chimodzi, kenako ife tiziuza kuti chidutswa ichi ndi denga, ichi ndi munda.

Mu pulogalamu ya eCognition, yomwe pano ndi ya kampani ya Trimble, njira yotchuka ndi multiresolution segmentation yomwe Baatz ndi Schäpe anafotokoza mu 2000. Ili ndi zinthu zitatu zoti mutchere, scale, shape ndi compactness, koma chachikulu ndi scale. Ambiri amaganiza kuti scale 50 ndi mamita 50 kapena ma pixel 50, ayi. Pulogalamu imayamba ndi pixel imodzi imodzi nkumaphatikiza ndi yoyandikana nayo, ndipo nthawi iliyonse imawerengera kuti kusakanikirana mkati mwa chidutswacho kwakula bwanji, kukadutsa malire imasiya. Malirewo ndiye scale. Ndiye pa nambala imodzimodziyo madzi a pa Mulunguzi Dam atha kutuluka chidutswa chachikulu chifukwa akufanana paliponse, pomwe ku Chikanda komwe nyumba zathithikana, malata atsopano pafupi ndi akale, mpanda, tinjira, zovala pachingwe, mutuluka tizidutswa tambirimbiri.

Apa ndi pomwe kukopera kumapweteka. Chithunzi cha 8-bit nambala zake zimayambira 0 kulekeza 255, cha 16-bit zimatha kufika 65,535, ndiye scale 30 yomwe inamuyendera mnzanu pa chithunzi chake cha droni ikhoza kuphwanyaphwanya chanu ngakhale malo ake ndi omwewo. Onjezani kukula kwa pixel, kuchuluka kwa ma band (magawo a kuwala omwe kamera imajambula, monga ofiira, obiriwira ndi a buluu), ngakhale nthawi yomwe droni inauluka, zonsezi zimasuntha zotsatira.

Shape imauza pulogalamu kuti isamale maonekedwe a chidutswa kapena mtundu wake, ndipo ziwirizi zimagawana 1. Mukaika 0.1, yomwe imabwera kale, mtundu watenga 0.9. Shape siyipitirira 0.9. Ine pa madenga ndimaikwezako mpaka cha m'ma 0.3 kuti m'mphepete musamatuluke mano mano, koma mukaikweza kwambiri mupeza zidutswa zooneka bwino zomwe sizikutsata chilichonse chomwe chili pansi. Compactness, yomwe imakokera zidutswa kuti zikhale zobulungira, musataye nayo nthawi yambiri, imangogwira ntchito mkati mwa gawo la shape lija, ndiye ngati shape ili 0.1 mphamvu yake ndi yochepa zedi. Siyani pa 0.5, pokhapokha ngati mukutsata zinthu zazitali zopyapyala ngati mtsinje wa Likangala kapena misewu, apo itsitseniko.

Layisensi ya eCognition ndi yodula, ambiri kuno tili pa QGIS kapena ArcGIS, ndipo mayina kumeneko ndi ena. Mu QGIS mukalumikiza Orfeo ToolBox, yaulere, yochokera ku bungwe la zamlengalenga la ku France la CNES, mupeza njira ya segmentation yotchedwa mean shift yokhala ndi spatial radius, range radius ndi minimum region size. Range radius ndi yomwe ikufananako ndi scale, ikakwera zidutswa zimakula. Koma chenjerani ndi ArcGIS, Segment Mean Shift yake ili ndi spectral detail ndi spatial detail zolekeza pa 20, ndipo kumeneko zimayenda mobwerera, nambala ikakwera zidutswa zimachuluka nkuchepa msinkhu. Munthu wochoka pa pulogalamu ina kupita pa ina amasokonezeka pamenepa kawirikawiri.

Minimum size ija, kutanthauza chiwerengero chochepetsetsa cha ma pixel m'chidutswa chimodzi, ndi yokhayo yomwe mungawerengere papepala, ndipo chonde muziwerengera. Pixel ya masentimita 5, sikweya mita imodzi imalowa ma pixel 400. Ngati kanthu kakang'ono kwambiri komwe mukufuna ndi chimbudzi cha masikweya mita 2, amenewo ndi ma pixel 800, ndiye minimum size ya 20 yomwe ArcGIS imabwera nayo ndi kachidutswa kongofanana ndi mbale basi. Koma 20 yomweyo pa chithunzi cha setilaiti ya Sentinel-2, komwe pixel ndi mamita 10, ndi masikweya mita 2,000, kadimba ka munthu kutha kumezedwa konse.

Tsono ngati simungapeze zenizeni, mulakwitsire mbali iti? Ine ndimati bola zidutswa zichuluke. Denga likagawika patatu mutha kuliphatikiza mukamaliza kusanja, koma likamatirira ku bwalo la pakhomo palibe chomwe classification, kusanja kuja, ingakonze kutsogoloko. Zili ngati mchere m'ndiwo, ukachepa umathira wina, ukachuluka basi zatha. Izi zimavuta kwambiri m'midzi ya ku Chilwa nthawi ya chilimwe, denga laudzu ndi dothi louma la pabwalo mtundu umakhala umodzi, ndipo ngakhale musinthe manambala tsiku lonse sizisiyana. Chothandiza apo ndi kuwonjezera DSM, chithunzi cha kutalika kwa zinthu chomwe pulogalamu ya droni imatulutsa limodzi ndi chithunzi chachikulu, chifukwa denga lili m'mwamba pomwe bwalo lili pansi.

Musakakamizenso scale imodzi kuti igwire chilichonse. Mitengo ya paini pa phiri la Zomba, kuwerenga mtengo umodzi umodzi ndi nambala ina, kujambula malire a nkhalango yonse ndi ina. Minda ya mpunga yomwe ili ndi malire ooneka siyofanana ndi munda wa chimanga chosakaniza ndi nandolo ndi maungu. Pangani magawo awiri kapena atatu, lililonse ndi cholinga chake.

Pali chida chotchedwa ESP cha Drăguţ ndi anzake cha mu 2010 chomwe chimayesa ma scale ambiri motsatizana nkukulozerani angapo oyenera kuyesa, chimathandiza, koma sichidziwa kuti inu mukufuna madenga kapena minda. Ndiye dulani kachigawo kakang'ono kokhala ndi zonse zomwe mukufuna, jambulani pamanja madenga kapena minda 20 kapena 30 yomwe mukuidziwa, sinthani chinthu chimodzi chokha nthawi iliyonse nkumayerekeza ndi zapamanjazo. Zikagwirizana yesaninso pakachigawo kena kosiyana, mwina Matawale ngati munayambira ku Chinamwali, musanaipatse kompyuta chithunzi chonse chomwe chingatenge usiku wathunthu. Manambala omwe mwasankha alembeni mu lipoti limodzi ndi kukula kwa pixel, ma bit a chithunzi ndi mwezi womwe munajambula.