Ka "to" kameneko kachotseni: za "kept on", "went on" ndi anzake

Mlungu wathawu ndinakhala pakhonde ndi mulu wa makope a Fomu 4, cholembera chofiira chili m'manja, ndipo chiganizo chomwe chija chinandipezanso: "The baby kept on to cry." Mu kope lina ndi mvula imene "kept on to fall", mu lina ndi galu amene "kept on to bark". Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, ka "to" kameneka ndakadula mpaka dzanja kuwawa, koma chaka chilichonse kamaphukanso ngati kaufiti m'munda wa chimanga.

Anawo sindiwaimba mlandu wonse. Gwero lake ndi Chichewa chathu chomwechi. Ife timati "anapitiriza kulira", ndipo mwana anauzidwa kale kupulaimale kuti ka "ku" ka kulira, kudya ndi kugona m'Chingerezi ndi "to". Akafika pa "kept on" dzanja limangolemba lokha "to cry". Chinanso chimene chimawasocheretsa ndi mneni "continue", yemwe amalola zonse ziwiri: "continued to cry" ndi "continued crying" n'zolondola zonse. "Keep on" alibe chifundo chotero. Pambuyo pake pamabwera mneni wothera ndi "ing" basi: "kept on crying". Nayenso "carry on" ndi chimodzimodzi: "carried on working". Mukafuna kutchula dzina la ntchitoyo muike "with", kuti mupeze "carried on with her work".

Zoti "keep" amasanduka "kept" ndipo "go" amasanduka "went" sinditaya nazo nthawi. Chimene ndikufuna mumve ndi ntchito ya kamawu ka "on". Ambiri amakadziwa ngati "pa", pa tebulo, pa mpando, n'kuthera pomwepo. Koma kakamatirira ku mneni, nthawi zambiri kamagwira ntchito ya "be" wathu uja wa mu "ankayendabe". Ndiye "they walked on" ndi anthu amene anayendabe osaima. "The meeting dragged on" ndi msonkhano uja wa makolo ndi aphunzitsi umene unayamba m'mawa, dzuwa n'kupendeka anthu adakali pamabenchi. "They pressed on" ndi amene anakakamirabe ulendo mvula ikuwamenya. "Kept on" ali ndi kakomedwe kakekake, chifukwa kawirikawiri amanyamula kutopa kwa wolankhulayo, monga "ngo" wathu. "He kept on asking for money" ndi munthu amene ankangopempha ndalama, inu mutatopa naye kalekale.

Tsono pali "went on". Apa ndi pamene cholembera chofiira chimasiya kukhala nkhani ya malikisi chabe.

Mneni ameneyu amalola "ing" ndipo amalolanso "to", koma matanthauzo ake ndi awiri osiyana kotheratu. "Went on" wotsatidwa ndi "ing" ndi kupitiriza chomwe chija munkachita. "Went on to" ndi kusiya kapena kumaliza china n'kuyamba chatsopano, ndi "kenako" wathu, kapena "dza" wa mu "anadzakhala". Tengani Kamuzu Banda. Atachoka ku London kupita ku Gold Coast, dziko limene pano ndi Ghana, sanasiye udokotala, choncho timati "he went on practising medicine". Atabwera kuno mu 1958 moyo wake unalowera kwina, ndipo mu 1966 "he went on to become president". Mukasinthanitsa ziwirizi mwalemba mbiri yabodza.

Pali mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo, wakhama, wosadziwa kuyankha akulu mwamwano. Anapeza ntchito yokonza mipope ndi mapampu pa esiteti ina. Tsiku lina pampu inavuta, kapitawo wake anamuuza kuti aisiye mpaka abwere amakanika. Iye anaisiyadi, n'kupita kukakonza mipope ina kuseri kwa nyumba za antchito. Madzulo pampu ija inapezeka itapseratu, ndipo aliyense amene anaikhudza anauzidwa kuti alembe lipoti. Iye analemba kuti: "When I was told to leave the pump, I went on repairing the pipes." Mumtima mwake ankanena kuti kenako anapita kukakonza mipope ina. Amene anawerenga anamva kuti atauzidwa kuti asiye, iye anapitirizabe kugwiragwira mipope ya pampu yomweyo. Anadzilembera yekha umboni wa kusamvera. Akanalemba "I went on to repair other pipes", nkhani ikanathera pomwepo.

Anabwera kwa ine ndi kalata ya chenjezo m'manja, lipoti litaperekedwa kale. Tinalemba kalata yofotokozera, ntchito sinamuthere, koma chenjezo lija linakhalabe m'failo yake. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti kusiyana kumeneku ndinakuphunzitsa m'kalasi mwake, tsiku limodzi, mothamanga, teremu ikutha. Ndinkaona ngati n'kanthu kakang'ono. Kuyambira pamenepo ndimakhala nako mlungu wathunthu, ana adandaule asadandaule.

Za kupita patsogolo kwa ntchito n'zosavuta kwenikweni, ndipo apa "was" ndi "ing" amakhala bwino. Nyumba imene munkamanga, zipupa zikukwera mlungu ndi mlungu, "was coming along well". Mwana amene anali kalikiliki ndi homuweki magetsi asanazime "was getting on with his homework". Palinso "away" wa munthu amene wamira mu ntchito osadzutsa mutu: "she was sewing away". Koma samalani ndi "was carrying on with" mukatsatiza dzina la munthu. "He was carrying on with the work" ndi wantchito wabwino. "He was carrying on with the neighbour" ndi chibwenzi chamseri, ndipo ndinaziwerengapo mu chimangirizo cha mwana amene ankangofuna kunena kuti bambo ake ankagwirizana ndi aneba awo. Iye ankafuna "getting on well with". Komanso "carried on" asasokonezedwe ndi "carried out". Woyambayo ndi kupitiriza, winayo ndi kuchita chinthu mpaka kuchikwaniritsa, monga kafukufuku kapena lamulo.

Tsopano ndilankhule ndi inu makolo, chifukwa ndalama zikupita ndi zanu. Pa WhatsApp ndi pa Facebook padzaza anthu ogulitsa mndandanda wa aneni amenewa, mazanamazana, aliyense ali ndi tanthauzo la mawu amodzi pambali pake, n'kumalonjeza Chingerezi cha ku London m'masiku 30. Mndandanda wotere umati "go on" ndi kupitiriza, "carry on" ndi kupitiriza, "keep on" ndi kupitiriza, basi. Suuza mwana chimene chimabwera pambuyo pa mneniyo, pamene vuto lonse lagona pomwepo. Mnyamata wa pampu uja tanthauzo la "go on" ankalidziwa bwino lomwe. Enanso ndi aphunzitsi a patitaimu amene amalowezetsa ana mawu akuluakulu oti akagomere nawo ochonga mayeso. Mwana amatuluka kumeneko akudziwa "nevertheless" ndi "notwithstanding", chonsecho "kept on to cry" adakali naye. Musanapereke ndalama, pemphani kuona kope la mwana wina amene mphunzitsiyo wachonga. Ngati mulibe ziganizo zimene mwanayo anapanga yekha, ndipo mulibe inki yofiira, bwererani nazo ndalama zanuzo.

Ndipo musadikire. Mukudziwa kuti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe, ngakhale mwana atakhoza masamu ndi sayansi mochititsa kaso. Komabe ambiri mumabwera naye mwanayo patatsala milungu iwiri kuti mayeso a MANEB ayambe, n'kumati aphunzitsi, tamuwongolereni. Chizolowezi chimene dzanja lalemba kuchokera Sitandade 6 sichichoka m'milungu iwiri. M'chipinda cha mayeso, mtima ukugunda, wotchi ikuthamanga, dzanja limabwerera ku chimene linazolowera. Yambani ali Fomu 1 kapena Fomu 2. Nyuzipepala yakale ya The Nation kapena The Daily Times, ngakhale imene anakukulungirani mandasi, ndi yokwanira: apeze "went on", "kept on" kapena "carried on", adule mzere pansi pa mawu otsatira, kenako alembe ziganizo zake zitatu za zimene zinachitika pakhomo dzulo. Wa Fomu 4 amene mubwere naye mochedwa ndimulandirabe, koma m'milungu iwiriyo chimene ndingathe n'kumuuza kuti akakayika alembe "continued".