Limba la m'maholo otsetserekera silinachokere kutchalitchi

Ambiri akamva limba la mapaipi likulira m'holo momwe anthu amatsetsereka atavala nsapato zamateyala ku America, amaganiza kuti linachotsedwa m'tchalitchi, koma si choncho. Malimba otere anapangidwira nyumba zoonetsera makanema pa nthawi imene makanema analibe mawu, kuti azilira kanema akamaonetsedwa, n'chifukwa chake mkati mwake muli ng'oma, mabelu ndi mangolongondo. Makanema olankhula atafika mu 1927, ntchito ya malimbawa inayamba kutha. Limba lopangidwa ndi kampani ya Wurlitzer la m'holo yotsetserekera ya ku Oaks Park, mumzinda wa Portland, linasamutsidwa kuchokera ku nyumba yoonetsera makanema ya Broadway Theatre mu 1955, ndipo mapaipi ake amalendewera pamwamba pa otsetsereka. Woliza limbali sakoka nyimbo ngati mnzake wa kutchalitchi. Amasunga kugunda kosasinthasintha, maso ali pa mapazi a anthu, chifukwa akangofulumira pang'ono, mayendedwe a gulu lonse amasokonekera.