Chimene chimadya njira ya m'chigwa

Mvula ikangokata mu Epulo foni yanga siipuma. Oimba ndi eni malo ogona alendo komanso magulu okonda kuyenda m'mapiri, ndipo dandaulo ndi limodzi: njira imene analambula chaka chatha yasanduka chigwembe. Ambiri amaloza chala okwera njinga. Ntchito yanga ndi yoyeza ndi kulambula njira zoterezi, ndipo ndikafika pamalopo kawirikawiri ndimapeza kuti vuto linayamba tsiku limene anakhoma zikhomo zosonyeza modzera njirayo.

Madzi safuna njira yaitali. Mukalambula molunjika kuchokera kumtunda mpaka kumtsinje, monga tinjira tambiri totsikira ku Lingadzi, ndiye kuti mwawakumbira ngalande. Chaka choyamba pamaoneka kamzera chabe, chachitatu mbuzi imabisalamo. Alimi izi anazidziwa kalekale, ndi nzeru yomwe ija ya akalozera. Njira yolimba imayenda chopingasa m'mbali mwa chitunda, kumatsika pang'onopang'ono. Pa ntchito yathu timatsata lamulo la theka: ngati mbali ya chigwa ikutsika mamita 20 pa mamita 100 aliwonse, njirayo isatsike kupitirira mamita 10 pa mtunda womwewo. Ikapyola apo, madzi amaleka kuiwoloka n'kuyamba kuyenda nayo. Pamwamba pake timapendeketsa pang'ono kuloza kumunsi, ndipo pakapita mamita angapo timaitsitsa kenako n'kuikwezanso, kuti madzi apeze potulukira. Wanjinga akafika pamenepo amasangalala, amayesa tinamukonzera podumpha. Ife tinkaganiza za mvula ya Januwale.

Pansi penipeni pa chigwa mpamene pali mutu waukulu, chifukwa kumadambo kuli makande. M'dzinja amamata ngati phala, m'chilimwe amang'aluka. Hatchi yolemera makilogalamu pafupifupi 500 ikapondapo pali ponyowa, chiboda chimasiya kadzenje kosunga madzi. Tayala limasiya kamkwasa. Woyenda pansi, poopa kudetsa nsapato, amalambalala matopewo, ndipo njira ya mita imodzi imafutukuka kufika mamita atatu. Kunena zoona, pa atatuwa palibe woyera. N'chifukwa chake dambo timalizemba, ndipo pomwe sitingachitire mwina timayala miyala kapena kumanga kamlatho ka matabwa. Dothi lokokoloka silithera pomwepo ayi. Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama n'kudzaza madamu a Kamuzu, kumene kumachokera madzi a m'mipopi mwathu, choncho zigwembe za kumtunda kwake zimatikhudza tonse.

Nanga pokumana apatuke ndani? Lamulo lofala m'maiko ambiri ndi lakuti wanjinga apatukire woyenda pansi, ndipo onse awiri apatukire hatchi. Sikuti wokwera hatchi ndi bwana. Nyamayi mwachibadwa imathawa zilombo, maso ake ali m'mbali ndipo kumbuyo kwenikweni siiona. Njinga yotulukira mwakachetechete kumbuyo imaiyesa chilombo, ndiye imatha kudzambatuka kapena kuponya mateche. Chepetsani liwiro mukadali patali ndipo mulankhule, "Zikomo, tidutse nawo." Mawu a munthu amaikhazika mtima pansi kuposa belu. Mukaima, imani kumunsi kwa njira, poti chinthu chokhala kumtunda imachiopa kwambiri. Hatchi kuno n'zowerengeka, ambiri tinaziona paphiri la Zomba, koma ulemu womwewu umathandizanso mukakumana ndi abulu kapena ng'ombe zapangolo.

Chimene mabuku akunja satchula n'chakuti kwathu kuno njira ya masewera ndi yomweyo ya ntchito. Mmawa mumadutsa mayi wosenza nkhuni, amene sangacheuke msanga. Mumatsikanso bambo wa njinga ya makala, matumba atatu kumbuyo, mabuleki ake ndi chidendene. Ameneyu ngakhale lamulo litati chiyani, mpatukireni, sangaime. Ndikamayeza njira ndimaganizira anthu awiriwa poyamba. Pokhota paliponse ndimadula tchire kuti munthu aone patsogolo, ndipo potsetsereka pakatalika ndimaikapo kakona kapena miyala iwiri yopanikiza njira, kuti wanjinga agwire mabuleki asanafike pomwe amayi amatulira mtolo wawo.