Khungu likapsa ndi dzuwa: chisamaliro cha pakhomo ndi nthawi yopita kuchipatala

Munthu sadziwa kuti akupsa ndi dzuwa pa nthawi imene akupsayo. Amagwira ntchito panja, kusambira kapena kuyenda ulendo wautali osamva kanthu. Madzulo ndi pamene mapewa, khosi ndi nkhope zimayamba kunyeka, malaya akangokhudza khungu pamawawa, ndipo tulo timavuta. Zizindikiro zimayamba pakapita maola 2 mpaka 6 chichokereni padzuwa, ndipo ululu umafika pachimake patatha pafupifupi tsiku limodzi. Choncho mukaona kuti lero pakupweteka kuposa dzulo, musadabwe. Ndi mmene kupsaku kumayendera.

Chimene chimawononga khungu si kutentha kwa dzuwa kumene timamva m'thupi, koma cheza chake chosaoneka ndi maso chotchedwa UV, makamaka cha mtundu wa UVB. Chezachi chimalowa m'khungu n'kuwononga DNA ya m'maselo, yomwe imasunga malangizo a mmene maselowo amagwirira ntchito. Thupi limatumiza magazi ambiri pamalo owonongekawo kuti likonzepo, n'chifukwa chake pamafiira, pamatupa ndiponso pamatentha mukakhudzapo. Maselo amene awonongeka kwambiri amafa, ndipo patapita masiku angapo khungu limayamba kusupuka. Kupsa kosanyanya kumapola pakokha m'kati mwa mlungu umodzi.

Mfundo iyi njofunika kuigwiritsa: palibe chopaka kapena chakumwa chimene chingabweze zomwe dzuwa lawononga kale. Thupi ndi limene limadzichiritsa. Ntchito ya chisamaliro cha pakhomo ndi kuchepetsa ululu, kuteteza khungu kuti lisaume komanso kuti lisalowe tizilombo toyambitsa matenda. Mavuto ambiri amene amabwera pambuyo pake amachokera ku zinthu zimene anthu amapaka ndi cholinga chabwino.

Ena amaganiza kuti khungu lakuda silipsa ndi dzuwa. Limapsa ndithu. Melanin, amene amapatsa khungu mtundu wake, amateteza pang'ono koma osati kotheratu. Kungoti pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye muzindikira ndi kutentha kwa malowo, kuwawa mukagwirapo, kuyabwa, kuthina kwa khungu ndi kusupuka. Anthu achialubino, amene khungu lawo lili ndi melanin wochepa kwambiri kapena lilibiretu, amapsa m'kanthawi kochepa ndipo amapsa kwambiri. Ana aang'ono nawonso amapsa msanga.

Yambani ndi mthunzi ndi madzi ozizira

Chokani padzuwa mukangoyamba kumva kunyeka, ndipo ngati n'kotheka lowani m'nyumba. Kenako ziziritsani khungu. Viikani kansalu koyera kapena thaulo m'madzi ozizira, finyani pang'ono ndi kuika pamalo opsawo kwa mphindi 10 mpaka 15. Kansaluko kakafunda, kaviikeninso. Chitani zimenezi kangapo pa tsiku, nthawi iliyonse imene ululu wakula. Ngati malo opsawo ndi aakulu, monga msana wonse, sambani madzi ozizira bwino, mongodzithira pang'onopang'ono. Musakhule ndi chinkhupule, ndipo sopo akhale wochepa, wopanda fungo lamphamvu, chifukwa sopo amaumitsa khungu. Popukuta, muzingogunditsa thaulo mofatsa, osakwecha.

Ayisi musamuike pakhungu mwachindunji. Amatonthoza kwa kanthawi, koma kuzizira kwake kumachepetsa kuyenda kwa magazi ndipo kungawonjezere kuvulala pa khungu lomwe lavulala kale. Pozizilitsa khanda kapena mwana wamng'ono, samalani kuti asazizidwe mpaka kunjenjemera.

Zopaka zimene zimathandiza

Mukatha kusamba, khungu likadali lonyowa pang'ono, pakani mafuta odzola opepuka, osanunkhira komanso opanda alkoholi. Mafuta otere amasunga chinyezi m'khungu ndipo amachepetsa kuthina ndi kuyabwa. Pakani mofatsa kangapo pa tsiku, ndipo pitirizani ngakhale khungu litayamba kusupuka.

Aloe vera ndi chinthu chimene ambiri amachidalira, ndipo amatonthozadi chifukwa utomoni wake ndi wozizira komanso wonyowa. Sapangitsa kuti kupsa kuthe tsiku limodzi, koma amachepetsa kunyeka. Ngati mukugula wa m'botolo, werengani zimene zalembedwapo ndipo sankhani wopanda alkoholi ndi zonunkhiritsa. Ngati mukudula tsamba, litsukeni bwino, liimikeni kwa kanthawi kuti madzi achikasu a pansi pa khungwa atuluke, chifukwa madzi amenewo amayabwa, kenako palani utomoni woyera wa m'kati ndi supuni yoyera. Yambani mwapaka pamalo pang'ono. Pali anthu ena amene thupi lawo siligwirizana ndi aloe vera, ndipo mukaona kuti pakutuluka nsungu kapena kuyabwa kwakula, tsukanipo ndi kusiya. Musapake pa matuza ophulika kapena pa chilonda.

Kuyabwa kukavuta, mankhwala opaka otchedwa calamine amathandiza. Hydrocortisone wopaka wa 1% amachepetsanso kutupa ndi kuyabwa mukapaka pang'ono kwa masiku ochepa, pakhungu lokhalo limene silinang'ambike. Kwa mwana, yambani mwafunsa achipatala kapena wogulitsa mankhwala amene anaphunzira ntchitoyi.

Zimene siziyenera kukhudza khungu lopsa

Batala, majarini ndi mafuta ophikira amaphimba khungu n'kutsekereza kutentha, ndipo akhoza kubweretsa tizilombo. Vaseline nayenso si woyenera pa khungu lomwe langopsa kumene ndipo likadali lotentha. Mankhwala otsukira mano amamveka kuzizira mukangopaka, koma ali ndi zinthu zimene zimaumitsa ndi kunyereketsa khungu. Dzira laliwisi likhoza kukhala ndi tizilombo toopsa. Viniga ndi madzi a mandimu ali ndi asidi amene amawotcha khungu lanthete, ndipo madzi a mandimu akakhala pakhungu munthu n'kupitanso padzuwa amatha kuyambitsa kupsa kwina kosiya mawanga akuda kwa nthawi yaitali. Spirit ndi mafuta onunkhira amaumitsa khungu ndi kuwonjezera ululu. Pewaninso mankhwala opaka ochititsa dzanzi amene maina awo amathera ndi "caine", monga benzocaine ndi lidocaine, chifukwa amatha kuyabwitsa khungu, ndipo kwa ana aang'ono ndi oopsa.

Ngati mwapaka kale chimodzi mwa zinthu zimenezi, tsukanipo ndi madzi ozizira mofatsa, n'kuyamba chisamaliro choyenera.

Imwani madzi, chepetsani ululu

Khungu lopsa limakoka madzi a m'thupi, ndipo munthu amene wakhalitsa padzuwa amakhala atataya kale madzi ambiri m'thukuta. Imwani madzi pafupipafupi kwa masiku awiri kapena atatu, osadikira ludzu. Mkodzo wochepa komanso wachikasu kwambiri ndi chizindikiro chakuti madzi achepa m'thupi. ORS, mankhwala osungunula m'madzi obwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi, amathandiza ngati mukumva kufooka. Mowa usiyeni kaye, chifukwa umawonjezera kutaya madzi. Khanda losakwana miyezi 6 liyamwitsidwe pafupipafupi, lisapatsidwe madzi.

Paracetamol amachepetsa ululu. Ibuprofen amachepetsa ululu ndi kutupa komwe, ndipo amagwira bwino mukamwa m'maola oyambirira. Imwani ibuprofen mutadya kanthu, ndipo tsatirani mlingo umene walembedwa. Amayi oyembekezera, anthu amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso kapena amene madzi achepa kwambiri m'thupi asamwe ibuprofen popanda uphungu wa achipatala. Aspirin asaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka 16, chifukwa akhoza kuyambitsa matenda a Reye, amene amawononga chiwindi ndi ubongo.

Valani zovala zotakasuka, zofewa, za thonje. Usiku fundani chopepuka.

Matuza ndi kusupuka

Matuza akatuluka, ndiye kuti kupsa kwalowa mozama kupitirira khungu lapamwamba. Musawaboole, ngakhale mtima utakukakamizani bwanji. Thuza lili ngati bandeji imene thupi ladzimangira lokha: pansi pake pali khungu latsopano lanthete limene likukula motetezeka. Mukaboola, mwatsegulira tizilombo khomo, ndipo malowo amachedwa kupola komanso akhoza kusiya chipsera.

Thuza likaphulika lokha, sambani m'manja, tsukanipo ndi madzi oyera ndi sopo pang'ono, siyani kakhungu kapamwambako pomwepo, kenako phimbani ndi bandeji yoyera yosamata pachilonda. Thonje la m'chipatala musaliike mwachindunji, chifukwa ulusi wake umakanirira pachilonda. Sinthani bandejiyo tsiku lililonse kapena ikanyowa.

Khungu likayamba kusupuka, lisiyeni lizichoka lokha. Kulisenda ndi zala kumachotsa ndi mbali ina imene inali isanakonzeke. Ana awengeni zikhadabo kuti asadzikande mpaka kudzivulaza.

Pamene chisamaliro cha pakhomo sichikwanira

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati matuza ali pamalo aakulu, kapena ali kunkhope, m'manja kapena kumaliseche, komanso ngati nkhope yatupa kwambiri. Pitaninso ngati wopsayo watentha thupi, akunjenjemera, mutu ukumuwawa kwambiri, akuchita nseru, akusanza kapena akuchita chizungulire. Mafinya, fungo, kutupa kowonjezereka kapena mizere yofiira yochokera pachilonda zikusonyeza kuti palowa tizilombo. Maso akamapweteka, kutuluka misozi, kumva ngati muli mchenga kapena kulephera kupirira kuwala, ndiye kuti nawonso apsa ndi cheza cha dzuwa ndipo akufunika kupimidwa. Khanda losakwana chaka likapsa ndi dzuwa, ngakhale pang'ono, lionedwe ndi achipatala.

Pali vuto lina limene silidikira. Munthu amene wakhalitsa padzuwa akayamba kubwebweta, kusokonezeka mutu, kudzandira, kukomoka kapena kugwa khunyu, thupi lili lotentha kwambiri, ndiye kuti kutentha kwa m'thupi mwake kwakwera moopsa, nthawi zambiri kufika madigiri 40 kapena kuposa. Akhoza kumwalira. Muikeni pamthunzi, muvuleni zovala zokhuthala, muthireni madzi ozizira thupi lonse ndi kumukupiza, uku mukuthamangira naye kuchipatala. Ngati sakudziwa kanthu, musamumwetse chilichonse.

Ngati mwapsa kwambiri mutangokhala padzuwa kanthawi kochepa, ganizirani mankhwala amene mukumwa. Doxycycline, tetracycline, cotrimoxazole, ciprofloxacin ndiponso hydrochlorothiazide, amene ena amamwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, amachititsa khungu kupsa msanga. Musasiye mankhwalawo panokha. Kawafotokozereni amene anakulemberani. Mafuta oyeretsa khungu nawonso amachepetsa chitetezo cha khungu ku dzuwa.

Khungu latsopano litetezeni

Malo amene apsa amakhala anthete kwa milungu ingapo, ndipo akapsanso amawonongeka kwambiri kuposa poyamba. Aphimbeni mpaka atapoleratu. Cheza cha UV chimakhala champhamvu kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, choncho ntchito zapanja zimene zingasunthike zichitike m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Mitambo isakupusitseni: cheza chambiri chimadutsa mitambo yopyapyala. Madzi ndi mchenga zimabweza cheza m'mwamba, ndipo kumalo okwera, monga m'mapiri, chimakhala champhamvu kuposa m'zigwa.

Valani malaya a manja aatali a nsalu yothithikana, chipewa chachikulu chophimba nkhope, makutu ndi khosi, komanso magalasi oteteza maso ku UV. Pa malo osaphimbika pakani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu ya chitetezo chake), amene amateteza ku mitundu yonse iwiri ya cheza, UVA ndi UVB, mphindi 15 mpaka 30 musanatuluke. Pakaninso maola 2 aliwonse, komanso mukasambira kapena kutuluka thukuta lambiri. Makutu, milomo, kuseri kwa khosi, dazi ndi pamwamba pa mapazi ndi malo amene ambiri amaiwala. Makanda osakwana miyezi 6 asakhale padzuwa, azikhala pamthunzi atavala zowaphimba.

Ululu umatha, koma kuwonongeka kwa maselo kumaunjikana m'zaka. Kupsa mobwerezabwereza, makamaka kotulutsa matuza paubwana, kumawonjezera chiopsezo cha khansa ya pakhungu. Kwa anthu achialubino chiopsezochi n'chachikulu kwambiri, ndipo akuyenera kupaka mafuta a SPF 50 kapena kuposa tsiku lililonse, kuvala zophimba thupi ndi kupimitsa khungu lawo kawirikawiri. Makolo ndi aphunzitsi, onetsetsani kuti mwana wachialubino ali ndi chipewa chake ndipo sakukhala padzuwa nthawi ya masana. Aliyense amene waona chilonda chosapola pakatha milungu inayi, kachigamba kokhakhala kamene kakubwererabwerera, kapena kadontho kamene kakukula, kusintha mtundu kapena kutuluka magazi, akaonetse kuchipatala mwamsanga, chifukwa khansa ya pakhungu ikapezeka koyambirira nthawi zambiri imachizika.