Za ulimi si kothawirako masamu

Ana akamaliza MSCE, makolo ambiri ku Lilongwe kuno amawauza kuti: “Masamu akukuvuta? Sankha za ulimi ku Bunda, kumeneko n’kuloweza Biology basi.” Maganizo amenewa akhalitsa, koma ndi olakwika.

Wophunzira sayansi ya ulimi ku LUANAR, yunivesite imene Bunda ili mbali yake, amakumana ndi Masamu, Chemistry ndi Physics chaka choyamba chomwe, asanafike pa za mbewu kapena ziweto. Ndipo sikuti aphunzitsi akungofuna kuzunza anthu ayi. Taonani thumba la Urea la makilogalamu 50: palembedwa 46%, kutanthauza kuti nayitirojeni ali m’menemo ndi makilogalamu 23 okha. Mlangizi amene sangawerengere zimenezi adzauza mlimi wa ku Mitundu kuthira feteleza wochepa kapena wopyola muyezo. Mankhwala a ng’ombe nawonso amayezedwa potengera kulemera kwa ng’ombeyo.

Choncho pamene mwapatsidwa mwayi wosankha phunziro lowonjezera, musathamangire limene anzanu akuti n’losavuta kukhoza. Ine ndingati tengani Statistics ngati ilipo. Kafukufuku wa chaka chomaliza amafuna kusanthula manambala ochokera kumunda woyeserera, ndipo amene anazemba masamu amakagwidwira pamenepo, tsiku lopereka lipoti litayandikira.