Tepi, madayisi ndi wotchi: kumene malamulo a nkhondo ya patebulo anachokera

Amene amakhala pansi pa mtengo kuonerera bawo pa boma la Kasungu amadziwa kuti mkangano wa pa bawo sukhalitsa. Maenje ndi 32, nkhomo 64, ndipo nkhomo ikagwera m'dzenje yagwera basi. Palibe amene anganene kuti yagwera theka. Masewera a nkhondo a tizidole ta asilikali alibe maenje, alibenso mizere ngati ya drafuti. Pali tebulo chabe, timapiri, tinyumba togumuka ndi timitengo, ndipo kamsilikali kangathe kuima paliponse. Ndiye chilichonse chimafunika kuyeza, ndipo pamene pali kuyeza pamakhala kukangana. Pafupifupi lamulo lililonse limene limadabwitsa munthu wolowa mpikisano koyamba linabadwa pa funso limodzi lakale: awiri akasiyana maganizo, agamule ndani?

Oyamba anayesa kuthawa funsoli pojambula mizere. Mu 1780, Johann Hellwig wa ku Braunschweig m'dziko la Germany anakulitsa bolodi ya chess mpaka mabokosi 1,617, ena opaka mtundu wa madzi, ena wa mapiri. Zinkaseweredwa, koma akuluakulu a asilikali sanakhutire, chifukwa mtsinje weniweni suyenda m'mabokosi. Amene anachotsa mizereyo ndi bambo ndi mwana wake a banja la von Reisswitz ku Prussia, ufumu wina wa ku Germany wa nthawi imeneyo. Bamboyo anapereka tebulo la masewerawa kwa mfumu Friedrich Wilhelm III mu 1812. Mwanayo, yemwe anali msilikali wa mizinga, anasindikiza malamulo ake mu 1824 ndipo masewerawo anadziwika ndi dzina loti Kriegsspiel. Ankasewera pa mapu enieni a sikelo ya 1:8,000, magulu a asilikali ali timidadada, mbali ina tofiira ina tabuluu, ndipo ndime iliyonse inkaimira mphindi ziwiri za nkhondo.

Chachikulu pa masewera a Reisswitz chinali munthu wachitatu. Osewera sankakhudza timidadada. Ankalemba malamulo awo papepala, monga mkulu wa asilikali amachitira, n'kupereka kwa wogamula. Iyeyo ndi amene ankasuntha magulu, kuponya madayisi, kuwerenga m'matebulo a manambala kuti afa angati, n'kuuza aliyense zokhazo zimene asilikali ake akanatha kuona. Prussia itagonjetsa France pa nkhondo ya 1870 mpaka 1871, mayiko ena anatengera masewerawa. Koma mkangano unabuka kwawo komweko. Matebulo a manambala anachuluka moti masewera ankachedwa kuposa nkhondo yeniyeni, ndipo mu 1876 mkulu wina wa asilikali, Verdy du Vernois, anati malamulo ambiriwo atayidwe, wogamula wodziwa nkhondo azingogamula ndi nzeru zake. Ena anakana, amvekere nanga wogamulayo akakhala wokondera? Mbali ziwirizi zilipo mpaka lero. Masewera a panyumba amatsamira kwa Verdy, pamene mpikisano unasankha malamulo olembedwa, chifukwa m'holo ya matebulo 30 simungaike wogamula pa tebulo lililonse.

Tizidole tinalowa kudzera kwa ana. Mu 1893 kampani ya William Britain ku London inapeza njira youmbira asilikali a mtovu a mphako m'kati, moti anatsika mtengo. Akuluakulu anayamba kulanda zidole za ana awo, ndipo mu 1913 mlembi H. G. Wells anatulutsa kabuku ka malamulo kotchedwa Little Wars. M'kabukuko munalibe madayisi. Munali kamzinga ka sipuling'i koponya kamtengo, ndipo msilikali wogwa wafa, zotsutsana palibe. Woyenda pansi ankasuntha phazi limodzi pa ndime, wa pakavalo mapazi awiri, poyeza ndi zingwe zodulidwiratu. Poyala asilikali ankatchinga nsalu pakati kuti wina asaonere mnzake. Wells analinso ndi wosunga nthawi: pafupifupi mphindi imodzi yosunthira asilikali 30, ndi ina pa mzinga uliwonse. Choncho amene amadandaula kuti wotchi ndi chinthu chachilendo chimene chinabwera ndi anyamata okonda kupambana, akudandaula mochedwa ndi zaka zoposa 100.

Kamzingako kanatha chifukwa cha penti. Munthu amene wakhala madzulo ambiri akupenta malamba ndi nkhope za tiasilikali salola kuti mnzake azitigenda. Madayisi anabwerera. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Jack Scruby ku America anayambitsa magazini ya osewera mu 1957, Donald Featherstone ku England anatulutsa buku lake la malamulo mu 1962, ndipo magulu a m'matauni osiyanasiyana anayamba kukumana. Apa vuto lina linaonekera. Gulu lililonse linali ndi malamulo ake, ndipo aliyense ankabwera ndi asilikali onse amene anali nawo. Wolemera ndiye ankapambana. Yankho linali mapointi: msilikali aliyense apatsidwe mtengo molingana ndi mphamvu zake, ndipo osewera onse agule gulu lawo pa ndalama yongoyerekeza yofanana. Wargames Research Group, imene inatulutsa malamulo a nkhondo zamakedzana mu 1969 ndi Phil Barker ndi anzake, ndi imene inazika mwambowu, kenako n'kuwonjezera mindandanda yonena kuti gulu lakutilakuti liloledwa asilikali otani ndiponso angati.

Mapointi ndi bodza lothandiza, ndipo anthu a ku Mchinji sasowa kuuzidwa. Boma lawo linkatchedwa Fort Manning, dzina la William Manning amene anatsogolera asilikali a Britain polimbana ndi Angoni a Mpezeni mu 1898. Kumeneko kunalibe zofananitsa magulu: mikondo ndi zishango zinakumana ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Amene amasewera nkhondo za m'mbiri, kaya ya Mpezeni kaya ya ku Karonga ya mu September 1914, amadziwa kuti kuti mbali zonse zikhale ndi mwayi ayenera kupotoza china chake, mwina kuchulukitsa a mikondo, mwina kudzaza tebulo ndi tchire lobisalamo. Mpikisano umavomereza poyera kuti si mbiri, ndi masewera.

Zimene achinyamata ambiri amaona pa intaneti lero zinachokera ku Games Workshop, kampani imene inayamba ku London mu 1975 ndipo likulu lake lili ku Nottingham. Inatulutsa Warhammer mu 1983 ndi Warhammer 40,000 mu 1987. Pali enanso, monga Flames of War a ku New Zealand ndi Bolt Action, amene amasewera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ku South Africa masewerawa ali ndi masitolo ndi mipikisano yake, ndipo bungwe la Mind Sports South Africa limawayang'anira pamodzi ndi morabaraba. N'chifukwa chake bokosi la tizidole lofika ku Kasungu lingabwere mosavuta m'chikwama cha m'bale wochokera ku Joni kusiyana ndi kulipeza m'sitolo.

Tsopano taonani mmene mbiri yonseyi imagwera pa mutu wa munthu watsopano. Titenge mpikisano wa Warhammer 40,000 potsata malamulo a mu 2023. Gulu limakhala la mapointi 2,000, tebulo ndi la mainchi 60 m'litali ndi 44 m'lifupi, pafupifupi masentimita 152 ndi 112. Mndandanda wa gulu lanu mumautumiza kwa okonza masiku angapo mpikisano usanafike ndipo ukatsekedwa susinthidwa. Mpikisano wa tsiku limodzi umakhala ndi masewera atatu, wa masiku awiri asanu kapena kuposerapo. Palibe wotuluka akagonja. Amatsata njira ya Swiss imene inayamba pa mpikisano wa chess ku Zurich mu 1895: opambana amakumana ndi opambana anzawo, ogonja ndi ogonja. Ndiye masewera oyamba mungathe kugwa m'manja mwa katswiri n'kukunthidwa, koma pofika achitatu mumakhala ndi a msinkhu wanu.

Nthawi ndi imene imapha watsopano, osati mdani. Masewera amapatsidwa maola awiri ndi theka kapena atatu. Maola atatu mukagawa pawiri ndi mphindi 90 aliyense, ndipo pa ndime zisanu za nkhondo ndi mphindi 18 pa ndime, kuyala asilikali kusanachotsedwepo. Munthu amene wabwera ndi tiasilikali 120 chifukwa n'totsika mapointi amatha mphindi khumi akungosuntha. Pamene pali wotchi ya chess, imene imawerengera aliyense nthawi yakeyake, nthawi yanu ikatha simuthanso kuchita kanthu kupatula kuponya madayisi odziteteza, mnzanu akutola mapointi mukuona. Gulu loyamba likhale la mitundu yochepa, yoti manambala ake mwawaloweza, ndipo madayisi akhale m'milu ya asanuasanu kapena khumikhumi kuti musamawerenge limodzilimodzi.

Chachiwiri, kupha sikupambanitsa. Mwa mapointi 100 opambanira masewera amodzi (osati ogulira gulu aja), mpaka 50 amachokera pa kugwira malo osankhidwa pa tebulo, mpaka 40 pa ntchito zapadera za pa makadi, ndipo 10 amaperekedwa chifukwa choti gulu lanu n'lopentedwa. Malo osankhidwawo amaikidwa chizindikiro chozungulira, ndipo kuti awerengedwe anu asilikali ayenera kukhala mkati mwa mainchi atatu. Watsopano amathamangitsa chithanki cha mdani kukona ya tebulo, n'kuchiphulitsa ndi chimwemwe, pamene tiasilikali tisanu ta mnzake takhala phee pa chizindikiro ndime zitatu. Mapointi 10 a penti aja ndi chotsalira cha mkangano wina wakale, wa opentawo ndi ongofuna kupambana. Kale okonza ambiri ankati mitundu itatu ya penti pa kachidole kalikonse, apo ayi musabwere. Kutaya mapointi amenewo ndi kungopereka mwaulere, poti palibe amayang'ana luso, amangoona ngati pulasitiki yaphimbika ndipo pansi pa kachidole pakonzedwa.

Madayisi nawo amanamiza amene sanawawerengere. Zipolopolo 30 zofunika 3 kapena kuposa pa dayisi kuti zilase zimalasa pafupifupi 20. Ngati kuvulaza kukufuna 4, zatsala 10. Mdani akamadziteteza pa 3, amagwa atatu okha kapena anayi. Munthu amene amayembekeza kusesa gulu lonse amaganiza kuti walodzedwa, chonsecho ndi masamu wamba. N'chimodzimodzi kuthamangira mdani ndi madayisi awiri: mtunda wa mainchi 7 umatheka maulendo 21 pa 36, wa mainchi 9 maulendo 10 okha pa 36. Kumanga dongosolo lonse pa 9 ndi kubetcha ndalama ya feteleza.

Popeza wogamula ndi mmodzi pa matebulo ambiri, osewera anadzipangira miyambo yopewera kumuitana. Musanayambe, yendani ndi mnzanuyo pa chinthu chilichonse cha pa tebulo n'kugwirizana: nyumba iyi ikutchinga maso kapena ayi, phiri ili n'lokwereka? Posuntha, nenani cholinga chanu mokweza: achimwene, awa ndawaika kunja kwa mainchi 12 anu, tayezani tione. Akavomera, nkhani yatha, ngakhale tebulo litagwedezeka pambuyo pake. Poyeza, yambirani kutsogolo kwa kachidole n'kukathera kutsogolo komweko. Kuyambira kutsogolo n'kukaika kumbuyo kwake pa mapeto a tepi kumaba inchi yathunthu, ndipo atsopano ambiri amatero osadziwa. Dayisi logwa pansi kapena lotsamira pa kanyumba limaponyedwanso. Chida chimene chikuoneka m'manja mwa kachidole chikhale chimene chalembedwa pa mndandanda. Ndipo ngati gulu lanu lili ndi mphamvu ina yobisika, muuzeni mnzanu poyamba. Kumukola nayo mwakachetechete kumaloledwa ndi buku koma kumaipitsa dzina. Zikakanika, kwezani dzanja nthawi yomweyo, osati masewera atatha. Kuitana wogamula si kusumira munthu.

Kwa a kuno kwathu pali zina zimene mabuku a ku Nottingham sanena. Tepi ya akalipentala ili ndi mainchi mbali imodzi, ndipo ndi yokwanira. Pulayiwudi imodzi ya mapazi 8 ndi 4 imatulutsa tebulo lonse n'kutsalako zidutswa za timapiri. Penti yopopera yoyambira imauma isanafike pa kachidole kukatentha ngati mu October, n'kusiya khungu ngati la mchenga, choncho poperani m'mawa pamthunzi. Vanishi yopopera nthawi ya mvula imachita mbuu ngati nkhungu. Guluu wa pulasitiki amasungunula pulasitiki kuti igwirane, koma pa chitsulo ndi rezini sagwira, pamafunika supagulu. Ndipo paulendo wa minibasi kapena kabaza, thonje m'katoni limathyola mikondo. Chabwino ndi timaginito tomatidwa pansi pa kachidole kalikonse, n'kutiimika m'chitini cha mabisiketi.

Gulu la mapointi 2,000 ndi ndalama zambiri, ndipo anzanu anayi a pa Kamwendo kapena pa Santhe sayenera kuyambira pamenepo. Wargames Research Group yomwe ija inatulutsa malamulo otchedwa De Bellis Antiquitatis mu 1990 poyankha dandaulo loti masewera akula mopitirira. Mbali iliyonse ili ndi timagulu 12 tokha, bwalo ndi la masentimita 60 mbali zonse pa tizidole ta mamilimita 15, dayisi ndi limodzi kwa aliyense, ndipo wotaya timagulu tinayi, ngati wataya tambiri kuposa mnzake, wagonja. Masewera amatha ola lisanakwane. Timagulu 12 tingathe kukhala timakatoni todulidwa pa muyeso wake n'kulembedwa mayina, ndipo anthu asanu ndi atatu pa matebulo anayi amamaliza masewera atatu a Swiss kuyambira m'mawa, nsima ya masana isanapse.