Kumaliza buku si kumaliza silabasi

Chaka ndi chaka ophunzira zauphunzitsi amauzana kuti ukangotsata buku la ophunzira tsamba ndi tsamba, basi, silabasi waimaliza, ndipo chikonzero cha phunziro ndi chongoonetsa akuluakulu akabwera kudzayendera. Zimenezi ndatopa nazo.

Silabasi ndiyo imanena zomwe mwana ayenera kudziwa ndi kutha kuchita pa kalasi iliyonse. Buku ndi chida chothandizira chabe. Kuchokera mu silabasi, mphunzitsi amalemba sikimu, kugawa ntchito ya teremu yonse m'masabata. Kenako pamabwera chikonzero cha phunziro limodzi: zizindikiro za kakhozedwe, zipangizo, zochita ana, komanso njira yoonera ngati amvadi. Apa buku silingakuthandizeni, chifukwa wolemba bukulo sadziwa kuti ana anu dzulo anasokonezeka pa kuchotsera mobwereka. Mukudziwa ndinu.

Kutsimikiza n'kosavuta. Tengani silabasi ndi buku, muyerekeze mutu umodzi wokha, muone ngati zonse zomwe silabasi ikufuna zili m'bukumo. Mukakayika, funsani alangizi anu. Musanauze anzanu ongoyamba kumene kuti chikonzero n'chosafunika, chonde yambani mwatsegula silabasiyo nokha.